Kiyi Akakana Kutembenuka: Mbiri ya Loko wa Galimoto ndi Amakaniko a ku Tengani

Loko wolizira galimoto, amene madalaivala amangomutchula kuti iginishoni, ali ndi zigawo zitatu zomangidwa pamodzi kunsi kwa chiwongolero. Kutsogolo kuli kachitsulo kobulungira kolowamo kiyi, kamene amakaniko amati barrel. Kumbuyo kwake kuli swichi ya magetsi, imene imalumikiza batire ku mawaya a injini ndi a sitata kiyi akapotozedwa. Pakati pa ziwirizi pali kampiringidzo kachitsulo kamene kamalowa mu shafuti ya chiwongolero kiyi akazulidwa, kuti mateyala a kutsogolo asakhote. Pa zitatuzi, chimene chimatopa msanga ndi barrel, ndipo ikangokana kutembenuka, galimoto yabwinobwino imagona pomwepo. Ku Tengani, m'boma la Nsanje, pa msewu wa M1 pakati pa Bangula ndi Nsanje boma, vuto lotere limagwera amakaniko a m'mbali mwa msewu, chifukwa makampani ogulitsa magalimoto ndi masitolo akuluakulu a zipangizo ali ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 150, kuseri kwa chikweza cha Thabwa. Luso la amakanikowa pa kachitsulo aka lakula pamodzi ndi mayendedwe a m'chigwa cha Shire, ndipo lakhala likusintha nthawi iliyonse imene opanga magalimoto kunja asintha loko.

Ntchito ya chitsulo m'chigwachi inayamba kale galimoto isanamveke n'komwe. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 pa sitima yotchedwa Ma Robert, anapeza Amang'anja akuyenga chitsulo m'ng'anjo, akusula makasu, mipeni ndi mikondo, akulima thonje ndi kuomba nsalu. Ufumu wa Tengani ndi umodzi wa maufumu akale a Amang'anjawo. Makina oyamba amene anthu a kuno anawazolowera anali a pamadzi ndi a panjanji. Sitima za pamadzi zinkakocheza pa Port Herald, amene lero ndi Nsanje, ndi pa Chiromo. Njanji ya Shire Highlands Railway, yochokera ku Port Herald n'kudutsa m'dera la Tengani, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, sitima inkachoka ku Beira mpaka kumtunda popanda kuwolotsa katundu pa madzi. Kwa zaka zambiri thonje, katundu wa m'masitolo ndi anthu apaulendo ankadalira njanjiyo, pamodzi ndi bwato, ngolo ndi njinga yakapalasa. Msewu unali wa fumbi, wodulidwadulidwa ndi mitsinje yotsika m'mapiri a kumadzulo, ndipo m'dzinja dothi la makande linkameza mateyala.

Magalimoto ochepa amene ankafika m'nthawi ya atsamunda anali a boma, a mishoni, a amwenye a masitolo, ndi malole otuta thonje m'misika. Pa magalimoto amenewo kiyi sanali chinthu chachikulu. Poyambirira penipeni injini inkalizidwa ndi hendulo yopukusa kutsogolo, ntchito imene inkathyola mikono injini ikabweza. Sitata ya magetsi, imene anakonza Charles Kettering, inayamba pa Cadillac ya 1912, koma hendulo sinathe msanga. Ma Land Rover akale ankabwera ndi hendulo yake, ndipo kumudzi kopanda potchajira batire inali yofunika kuposa kiyi. Ntchito ya kiyi inali kutsegula magetsi opita ku koyilo basi. Sitata inali ndi batani lake padera. Loko ankakhala pa dashibodi, womangidwa ndi nati imodzi, ndipo pa magalimoto ambiri a ku Britain nambala ya kiyi inkadindidwa pamaso pa loko penipeni, poonekera aliyense. Malole a dizilo ankazimitsidwa pokoka kawaya kotseka mafuta. Loko wotere akauma, makaniko ankamasula nati, kulumikiza mawaya awiri, ulendo n'kupitirira. Palibe amene ankaiwerenga ngati ntchito yofuna katswiri.

Luso la makina linkabwera ndi anthu amene anagwirapo ntchito ku njanji, ku nthambi ya boma yokonza misewu, ku minda ya nzimbe ya m'mbali mwa Zambezi, ndi m'mizinda ya Beira, Salisbury ndi Johannesburg, kumene amuna ambiri a m'chigwa ankapita kukasaka ndalama. Dziko litalandira ufulu mu 1964, malo ophunzirira anayandikira. Kampani ya SUCOMA, imene inali pansi pa Lonrho, inayamba kupanga shuga ku Nchalo mu 1966, ndipo inali ndi mathirakitala ndi malole ofuna amisiri tsiku ndi tsiku. Chitukuko cha ulimi chimene likulu lake linali ku Ngabu chinabweretsa magalimoto a alangizi, ndipo ADMARC, yokhazikitsidwa mu 1971, inkatumiza malole m'misika ya thonje. Munthu wopuma ntchito kumalo otere ankabwerera kwawo ndi bokosi la masipanala, n'kutsegula galaja pansi pa mtengo wa nimu. Anyamata ankaphunzira kwa iye poyang'ana. Ankayamba ndi kutsuka zitsulo mu palafini ndi kupatsira sipanala, ndipo zamagetsi ankaloledwa kuzigwira pomalizira.

Kusintha kumene kunabala vuto la lero kunachitikira kutali. Mu 1949 kampani ya Chrysler ku America inatulutsa magalimoto amene kiyi mmodzi ankatsegula magetsi n'kulizanso sitata, ndipo ena anatsatira. Kenaka kuba magalimoto kutanyanya m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku America, maboma analamula kuti loko azigwiranso chiwongolero. West Germany inayamba mu 1961, United States mu 1970, Britain mu 1971. Loko anasamuka pa dashibodi n'kukamangidwa pa paipi ya chiwongolero. Popeza cholinga chinali kutchinga wakuba, opanga anamumanga mwadala kuti asamasuke. Mabawuti omugwira anawapanga oti mitu yake iziduka yokha akamangitsa ku fakitale, kuti sipanala isapeze pogwira. Barrel nayo anaikonza yoti izituluka pokhapokha kiyi wake atalowa n'kutembenuka. Magalimoto a Peugeot, Datsun ndi Toyota amene anadzaza misewu ya m'Malawi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anafika ndi loko wa mtundu umenewu. Vuto lake n'lakuti loko sasiyanitsa wakuba ndi mwini galimoto amene kiyi wake waperepeseka. Onse amawakana chimodzimodzi. Opanga ankaganizira dalaivala wokhala pafupi ndi kampani yosunga manambala a makiyi, amene atha kudulitsa kiyi watsopano tsiku lomwelo. Dalaivala wa pa Tengani sanali m'maganizo mwawo.

Kuti ntchito ya makaniko imveke, mpofunika kudziwa za m'kati mwa barrel. Maloko ambiri a zitseko za nyumba amatsata nzeru ya Linus Yale Jr., amene analembetsa loko wa timapini mu 1861 ndi 1865, koma opanga magalimoto ambiri anasankha loko wa timapuleti, chifukwa ndi wotsika mtengo ndipo satenga malo. M'kati mwa chigoba cha barrel muli kamtima kozungulira kokhala ndi timipata topingasa, kawirikawiri pakati pa 6 ndi 10. M'kampata kalikonse muli kapuleti ka mkuwa koboola pakati, kokankhidwa ndi kasipuling'i kochepetsetsa. Kiyi akakhala kunja, timapuleti timasuzumira pang'ono n'kukodwa mu mzere wa m'chigoba, ndiye kamtima sikangazungulire. Kiyi woyenera akalowa, mano ake amakokera kapuleti kalikonse m'kati mpaka nsonga zonse zilingane ndi kamtima. Kapuleti kamodzi kokha kakatsalira ndi kagawo ka milimita, loko yense waima. Kiyi ndi timapuleti zonse ndi zitsulo zofewa, ndipo zimadyana pang'onopang'ono nthawi iliyonse imene galimoto ilizidwa.

Magalimoto anachuluka mwadzidzidzi ku Nsanje chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique. Kuyambira mu 1986 anthu othawa nkhondo anawoloka malire mwaunyinji, ndipo pofika 1992 Malawi inkasunga anthu oposa 1 miliyoni. M'boma la Nsanje othawawo anachuluka kuposa eni dera. Misasa monga ya Tengani, Nyamithuthu ndi Mankhokwe inkalandira malole a ufa, nyemba ndi mafuta ophikira, pamodzi ndi ma Land Cruiser ndi ma Hilux a UNHCR, a Red Cross ndi a mabungwe a zaumoyo amene ankalimbana ndi kolera. Nkhondo yomweyo inatseka njanji ya ku Beira, choncho katundu amene kale ankabwera pa sitima anatsamira pa msewu. Galimoto ya ntchito yotere imalizidwa kambirimbiri pa tsiku, imasinthana madalaivala, ndipo imayenda m'fumbi mawindo ali otsegula. Mabungwe akuluakulu anali ndi magalaja awo, koma malole a anthu wamba olembedwa ganyu yotuta chakudya ankakonzedwa pomwe afera. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, othawa anabwerera kwawo m'zaka ziwiri kapena zitatu zotsatira, koma amisiri amene anaphunzira m'nthawiyo anatsala.

Zaka za m'ma 1990 zinasinthiratu mtundu wa galimoto ya m'chigwa. Boma litamasula malonda ndi zamtengatenga, mabasi akuluakulu a UTM, amene Stagecoach inagula mu 1989, anayamba kuchepa mphamvu, ndipo malo awo anatenga maminibasi ndi matola. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji pa Chiromo, ndipo sitima yochokera ku Limbe sinafikenso ku Bangula, ku Tengani kapena ku Nsanje. Kuyambira pamenepo munthu wodwala, thumba la chimanga ndi mtembo womwe, zonse zinadalira galimoto. Phula linafika pa msewu wa Bangula ndi Nsanje m'zaka zozungulira 2010, nthawi imene Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje mu October chaka chimenecho. Magalimoto amene anadzaza msewuwo anali ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, kumene magalimoto amayenda kumanzere monga kuno, ndipo kuyeza magalimoto kokwera mtengo kumachititsa eni ake kuwagulitsa akadali ndi moyo. Amatsikira pa madoko a Dar es Salaam, Durban kapena Beira. Toyota Hiace, Corolla, kenaka Probox, imene inayamba kupangidwa mu 2002, ndi Sienta ya 2003, ndiwo anakhala mahatchi a apaulendo. Ambiri amafika ndi kiyi mmodzi yekha, ndipo kachitsulo kolembedwa nambala ya kiyi kamakhala katasowa kale. Apa ndi pamene mavuto ambiri a iginishoni amayambira. Mwini galimoto amadikira mpaka kiyi ataperepeseka ndipo m'pamene amakadulitsa wina. Makina odulira amangotsata mano a kiyi amene apatsidwa, choncho kiyi watsopano amatenga zilema zonse za wakale, ndipo wachitatu wodulidwa kuchokera kwa wachiwiri amaonjezera zake.

Nyengo ya m'chigwa imathandizira kuononga. M'miyezi ya October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo girisi wa ku fakitale amene ali m'kati mwa loko amauma. Fumbi limalowa pa kabowo ka kiyi, lina limabwera ndi kiyi yemweyo kuchokera m'thumba. Dalaivala akamva kuti kiyi akulimba, amadonthezamo oyilo wa injini kapena mafuta ophikira. Kwa masiku ochepa zimayenda, kenaka mafutawo amagwira fumbi n'kusanduka phala limene timasipuling'i sitingalikankhe. Amakaniko odziwa amatsuka loko ndi mankhwala opopera ouma msanga, n'kupaka pa kiyi ufa wakuda wa m'kati mwa pensulo, umene umaterera koma sugwira fumbi. Chinanso ndi mtolo wa makiyi. Kiyi wa galimoto amamangidwa pamodzi ndi wa nyumba, wa okala, wa chigayo ndi chotsegulira mabotolo, ndipo pa msewu wa mabampu mtolowo umalendewera n'kumapera timapuleti mbali imodzi. Kuopsa kwa kulemera kumeneku kunaoneka poyera mu 2014, pamene General Motors inaitanitsa magalimoto pafupifupi 2.6 miliyoni chifukwa cha swichi yofooka imene inkabwerera yokha galimoto ili pa liwiro, injini n'kuzima, ma airbag osagwira. Kampaniyo inavomera kulipira pa imfa 124. Maloko ena a Toyota ali ndi timapuleti togawika pakati, timene timavuta wakuba koma tikaperepeseka timapendekera n'kutseka njira ya kiyi. Pamwamba pa zonsezi pali madzi. Kusefukira kwa January 2015, namondwe wa Idai mu March 2019, wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023 anamiza midzi ndi misewu ya m'chigwa. Galimoto yomira imatha kutsukidwa injini n'kuyenda, koma matope osalala amene alowa mu barrel amaumira momwemo, timasipuling'i timachita dzimbiri, ndipo loko amadzakana patapita miyezi, mwini wake ataiwala za madziwo.

Makaniko wabwino sathamangira hamala. Amayamba wagwedeza chiwongolero uku ndi uku akuyesa kiyi mofatsa, chifukwa galimoto ikaimikidwa teyala litatsamira mwala kapena mateyala atakhota, kampiringidzo kamapanikizika ndipo kiyi satembenuka ngakhale loko ali bwino. Pa galimoto ya otomatiki amaona ngati giya yafikadi pa P. Amafunsa ngati kunyumba kuli kiyi wina amene sanagwire ntchito kwambiri. Amatulutsa kiyi pang'ono, kumukankha, kumugogoda mopepuka ndi chogwirira cha sikuludiraiva kuti kapuleti kokakamira kagwe m'malo mwake. Chimene amaletsa ndi kupotoza kiyi ndi pulayala, pakuti kiyi akathyokera m'kati ntchito imawirikiza.

Cholinga cha kunyengerera konseku ndi choti loko atembenuke kamodzi kokha. Pa magalimoto ambiri a ku Japan, kiyi ali ndi malo anayi olembedwa LOCK, ACC, ON ndi START, ndipo barrel imatuluka kiyi akakhala pa ACC. Makaniko amayamba wachotsa waya wa batire n'kudikira mphindi ziwiri kapena kuposa, kuti airbag ya pa chiwongolero isaphulike komanso kuti waya wamoto asagunde chitsulo. Amamasula mapulasitiki okuta paipi ya chiwongolero, n'kupeza kabowo kakang'ono kunsi kapena pambali pa nyumba ya loko. Akalowetsamo sipoko ya njinga kapena msomali woonda, kapini kogwira barrel kamalowa m'kati, ndipo barrel imasololoka pamodzi ndi kiyi. Yatsopano imalowa ili pa ACC chimodzimodzi, atalinganiza kamchira kake ndi kachitsulo kopita ku swichi, mpaka kapini kadumphire m'bowo mwake. Ntchito yonse siikwana ola. N'chifukwa chake dalaivala amene kiyi wake wayamba kuvuta amalangizidwa kuti loko akangotembenuka asabwezenso kiyi pa LOCK, koma alunjike ku galaja. Ambiri amazengereza chifukwa galimoto ikuyendabe ndipo tsiku lililonse loima ndi ndalama yotayika, ndiye amadzafika barrel itaumiratu, pamene kapini kaja sikangakankhike.

Zikafika pamenepo njira zimatsala ziwiri, ndipo zonse n'zowawa. Yoyamba ndi kuchotsa nyumba yonse ya loko. Popeza mabawuti aja alibe mitu, makaniko amakhomerera kansonga ka tchizulo m'mphepete mwa bawuti n'kumagogoda cham'mbali mpaka itayamba kubwerera, kapena amacheka kamzere pamwamba pake kuti sikuludiraiva igwire. Nthawi zina amayenera kutsitsa paipi yonse ya chiwongolero kuti apeze poponyera hamala. Loko akafika pa tebulo amagwirika bwino, ndipo pobwezera amamanga ndi mabawuti wamba. Njira yachiwiri ndi kuboola barrel ili pomwepo, kuphwanya timapuleti kapena kapini kaja ndi makina oboolera. Imafuna magetsi kapena jenereta, ndi dzanja lodziwa polekera, chifukwa kuboola kukapitirira kumaononga nyumba ya loko ndi swichi, zimene zimadula kuposa barrel. Tizidutswa ta chitsulo totsalira m'kati timadzaumitsanso barrel yatsopano ngati sititsukidwa. Kukhomera sikuludiraiva yaikulu pa bowo la kiyi n'kupotoza mwamphamvu, monga amachitira akuba, kumasiya zonse zitasweka.

Barrel yolowa m'malo imachokera ku Limbe, ku Ndirande kapena ku masitolo a zipangizo a ku Nchalo ndi Ngabu ngati ilipo. Kale munthu ankakwera yekha kukaifuna atanyamula yakaleyo m'thumba. Masiku ano makaniko amatumiza chithunzi pa WhatsApp, ndalama imapita pa foni, ndipo katundu amatsika ndi kondakitala wa minibasi. Pali zatsopano zotsika mtengo zimene sizikhalitsa, ndi zochotsedwa pa magalimoto ophwasulidwa, zimene amakaniko ambiri amazikhulupirira kuposa zatsopanozo ngati zabwera ndi kiyi wake weniweni. Kuipa kwa kusintha barrel n'kwakuti galimoto imakhala ndi makiyi awiri, wa zitseko ndi wolizira. Apa m'pamene luso lenileni la ntchitoyi limaonekera. Mmisiri wodekha amaphwasula barrel pa nsalu yoyera, kuyala timapuleti m'ndondomeko yake, kutsuka kalikonse, kuwongola kopindika, kusalaza ndi tupa kamene kachita mlomo, ndi kutenga timasipuling'i ku loko wina wakufa. Atha ngakhale kusanja timapuleti ta barrel yatsopano kuti tigwirizane ndi kiyi wakale. Ntchito imeneyi ndi yofuna maso ndi mtima wautali, ndipo malipiro ake ndi ochepa poyerekeza ndi kutsitsa giyabokosi, choncho si amakaniko onse amene amaifuna. Chidule chofala ndi kuchotsa timapuleti tovuta n'kusiya tiwiri kapena titatu. Kuchotsa kamodzi kogawika pakati sikuononga zambiri, koma kuchotsa pafupifupi tonse kumasiya loko wotseguka ndi kiyi aliyense wolowa, ndipo kiyi amatha kusololoka injini ikulira. Madalaivala ena amakondwera nazo, pamene chimenecho ndi chizindikiro chakuti loko watha.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi yobwerera ku makonzedwe a Land Rover yakale: kudula mawaya kumbuyo kwa loko, kuika kaswichi kotsegula magetsi ndi kabatani ka sitata. Matola ndi malole ambiri akale a m'chigwa amayenda chotero, ndipo pa galimoto yofera kutali ndi msewu waukulu, wodwala ali m'kati, palibe angadzudzule makaniko wochita zimenezi kuti afike ku chipatala. Kuopsa kumabwera zachangu zikasanduka zokhazikika. Kulumikiza mawaya sikuchotsa kampiringidzo kaja. Ngati sikanazulidwe kapena kutsekerezedwa bwino, kamatha kugwera mu shafuti galimoto ili pa liwiro, chiwongolero n'kuuma. Waya wochokera ku batire wopotedwa ndi manja n'kukulungidwa pepala la pulasitiki amatentha, ndipo moto wa pansi pa dashibodi umayamba motero. Palinso chizolowezi chozimitsa injini potsika chikweza monga cha Thabwa pofuna kusunga mafuta. Injini ikazima, mphamvu yothandiza mabuleki imatha akapondedwa kangapo, chiwongolero cha pawa chimalemera, ndipo pa loko wotha kiyi atha kubwerera mpaka pa LOCK. Mafuta osungidwa pamenepo sangafanane ndi miyoyo ya anthu okwera. Galimoto yolira popanda kiyi imabweretsanso mafunso pa rodibuloko, ndipo dalaivala ayenera kukhala ndi mapepala osonyeza umwini.

Gawo laposachedwa la mbiriyi ndi kiyi wokhala ndi chip. Kuyambira mu 1998 Germany ndi Britain analamula kuti galimoto yatsopano iliyonse ikhale ndi immobiliser. M'mutu wa pulasitiki wa kiyi muli kachipangizo kopanda batire. Kuzungulira pakamwa pa barrel pali kamkombero ka waya kamene kamakapatsa mphamvu n'kuwerenga nambala yake, ndipo kompyuta ya injini ikapanda kuizindikira imakana kupereka mafuta kapena moto. Magalimoto ambiri otsika mtengo opangidwira msika wa ku Japan anapitiriza kutuluka opanda chipangizochi, n'chifukwa chake chinachedwa kuvutitsa amakaniko a m'chigwa, koma ochokera ku South Africa ndi ku Britain, ndiponso a ku Japan a zaka zaposachedwa, amakhala nacho. Pa galimoto yotere barrel yatsopano imatembenuka, sitata imalira, koma injini siigwira, ndipo wosadziwa amayamba kusakasaka vuto ku pampu ya mafuta. Odziwa amasamutsa chip kuchokera m'kiyi wakale kupita m'watsopano, kapena amakonza barrel yakale kuti kiyi asasinthe. Ena amamatira kiyi wakale pafupi ndi kamkombero kaja mpaka kalekale, zimene zimaliza galimoto koma zimachotsa chitetezo chonse. Makiyi onse akasowa, tupa ndi tchizulo zilibenso ntchito. Pamafunika katswiri wa ku Blantyre wokhala ndi makina olembetsera kiyi mu kompyuta, ndipo mtengo womutsitsira m'chigwa umaposa wa barrel kangapo. Magalimoto olizidwa ndi batani alibe barrel n'komwe, koma ali ndi loko wa chiwongolero woyendera kamota, amene akafa galimoto imakana kulira.

Maphunziro a ntchito za manja m'dziko muno amayang'aniridwa ndi TEVETA kuyambira mu 1999, ndipo achinyamata ena a m'chigwa amapita ku sukulu za umisiri, koma kuphwasula loko kumaphunziridwabe makamaka pa galaja, kwa mmisiri wamkulu. Malo amene anyamata a lero amayambira ndi njinga zamoto za kabaza, monga Lifo ndi Sanlg, zimene zachuluka pa Tengani, pa Bangula ndi m'njira zopita ku madooko a Shire. Loko wa njinga yamoto ndi wa timapuleti chimodzimodzi, amagwiranso chiwongolero, ndipo popeza amakhala pamtetete, mvula ndi fumbi zimamupeza msanga. Mtengo wake ndi wotsika, choncho kawirikawiri amasinthidwa yense pamodzi ndi chotsekera thanki, ndipo wakaleyo amatsala m'bokosi la galaja, m'mene wophunzira amatolamo timapuleti ndi timasipuling'i tokonzera loko wa Probox kapena wa Hiace.